Kuika Injini ya Injekishoni m'Galimoto Yakale: Mafunso ndi Mayankho kwa Eni Magalimoto a m'Chigawo cha Tete

Mafunso ali m'munsiwa ndi amene timafunsidwa mobwerezabwereza pa galaja yathu ku Ulongwe. Ofunsa ambiri ndi alimi ndi amalonda a ku Angónia, Tsangano, Macanga, Moatize ndi mumzinda wa Tete, amene ali ndi Land Cruiser, Land Rover, Hilux, Peugeot 504 kapena Nissan 1400 yomwe thupi lake likadali lolimba koma injini inatopa.

Kodi injini ya injekishoni imasiyana pati ndi ya kabureta?

Zonse ziwiri zimawotcha petulo wosakanikirana ndi mpweya, ndipo kusiyana kwake kuli pa chimene chimayeza msakanizowo. Mu injini yakale, mpweya umene mapisitoni akuyamwa umadutsa pakhosi pa kabureta n'kukoka petulo kudzera m'timabowo ta majeti, moti muyeso umakhala womwe mmisiri anausiya tsiku limene anaitchuna komaliza. Mu injini ya injekishoni, pampu yamagetsi imakankha petulo mwamphamvu mpaka ku mainjekita, ndipo kompyuta ya injini, imene amisiri amaitchula kuti ECU, ndiyo imalamula kuti injekita itseguke liti komanso kwa nthawi yaitali bwanji. Kompyutayo imauzidwa zonse ndi masensa: ya kuzungulira kwa injini, ya kutentha kwa madzi, ya kuchuluka kwa mpweya wolowa, ya mmene mwapondera moto, ndi ya okosijeni imene imakhala mu ekizozi kumanunkhiza utsi. Injini ikafunda bwino, kompyuta imayesetsa kusunga muyeso wa magawo 14.7 a mpweya pa gawo limodzi la petulo, powerengera kulemera kwake.

N'chifukwa chiyani anthu kuno akufuna kusintha injini zawo?

Chifukwa choyamba ndi mmene chigawo chathu chinakhalira. Mzinda wa Tete uli m'chigwa cha Zambezi, pamalo osafika mamita 200 kuchokera pamene pamalekezera nyanja yamchere, pomwe Ulongwe ili kupitirira mamita 1,200, ndipo madera ena a Tsangano ndi okwera kuposa pamenepo. Pa mamita 1,000 alionse amene munthu wakwera, mpweya umapepuka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi, koma kabureta zimenezi sizidziwa. Galimoto yotchunidwa ku Matundo, mumzinda wa Tete, ikagwira msewu wa N7 n'kukhota pa Mussacama kulowera ku Angónia, imayamba kumwa petulo woposa mpweya umene ulipo, utsi umada ndipo mapulagi amadzaza mwaye. Yotchunidwa ku Ulongwe ikatsikira kuchigwa imaperewera petulo, imatentha, ndipo ikalemedwa pachitunda imalira ngati m'masilinda mwalowa timiyala. Kompyuta imakonza muyesowo yokha galimoto ili kuyenda. Tisanamizane, komabe: injini yopanda tabo, chipangizo chokankhira mpweya mu injini, imataya mphamvu pamtunda ngakhale ikhale ya injekishoni, chifukwa kompyuta siingawonjezere mpweya umene kulibe.

Chifukwa chachiwiri ndi nyengo. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kwa ku Tete kumadutsa madigiri 40, petulo amawira m'paipi yodutsa pafupi ndi injini, ndipo pampu yakale imangoyamwa nthunzi mpaka galimoto itazizira. M'mamawa wa Juni ndi Julayi ku Tsangano vuto limatembenuka, dalaivala n'kumalimbana ndi choko mpaka batire kutha. Petulo wokankhidwa mwamphamvu sawira msanga, ndipo sensa ya madzi ndiyo imagwira ntchito ya choko.

Chachitatu n'chakuti petulo wokhala ndi mtovu analeka kugulitsidwa m'maiko a kuno kummwera kwa Sahara kuyambira mu 2006, pomwe injini zambiri zakale zinkadalira mtovuwo kuti pokhalira mavavu pasadyeke. Onjezanipo kusowa kwa masipeya enieni a kabureta, poti ambiri amene akupezeka pamsika ndi ongofanizira.

Kodi galimoto idzayambadi kumwa mafuta ochepa?

Ngati injini yatsopano ndi yofanana kukula ndi yakale, inde, ndipo kusiyanako kumaoneka kwambiri pa maulendo okwera ndi kutsika amene tafotokoza pamwambapa. Koma amene wachotsa injini ya masilinda anayi n'kuika V8 asayembekezere kupulumutsa ngakhale lita imodzi. Kulemera kwa galimoto, thupi lake longa bokosi ndi magiya a difu zimakhalabe zomwezo. Land Rover ya Series ili ndi difu ya 4.7, kutanthauza kuti pulopela shafuti imazungulira ka 4.7 kuti mawilo azungulire kamodzi, choncho pa msewu wa phula injini iliyonse imene mungaikemo idzazungulira kwambiri n'kumwa molingana ndi kuzungulirako, pokhapokha mutasinthanso magiyawo.

Kodi pali galimoto zimene simulangiza kuti zisinthidwe?

Zilipo. Chesisi ikakhala kuti inadyedwa ndi dzimbiri kapena inawotchereredwapo kangapo pamene pamakhala masipulingi, ndalama zanu ziyambire pamenepo. Injini imene ikungofuna maring'i, mabering'i ndi kukonza mutu ndi yotsika mtengo kuikonza kusiyana ndi kuisintha. Volkswagen Beetle, yomwe injini yake ili kumbuyo ndipo imazizira ndi mphepo, imafuna ntchito yaikulu yoikamo rediyeta ndi mapaipi a madzi, ndipo ife timaikana. Ndiponso ngati muli ndi Peugeot 404 kapena Land Cruiser FJ40 imene chilichonse chikadali cha kufakitale, dziwani kuti okonda magalimoto akale amalipira bwino galimoto yomwe ikadali ndi injini yake yobadwa nayo.

Ndi injini iti ingakwanire galimoto yanga?

Lamulo lathu ndi lakuti muyambe kufunafuna m'banja lomwelo, komanso injini yochokera m'galimoto yokoka ndi mawilo akumbuyo, chifukwa yotero imakhala molunjika kutsogolo ndi kumbuyo ngati yakale ija. Corolla yakale ya injini ya 4K imalandira mosavuta 7K-E ya malita 1.8 yochokera mu LiteAce kapena TownAce, poti ndi ya m'banja limodzi. Hilux ya 22R ili ndi m'bale wake 22R-E, koma imene timaikonda kwambiri ndi 3RZ-FE ya malita 2.7, yomwe imatulutsa mphamvu ya mahatchi pafupifupi 150, ili ndi tcheni m'malo mwa lamba wa taimingi, ndipo masipeya ake sasowa chifukwa inali mu Hilux, Prado ndi HiAce. Land Cruiser ya 2F, ya malita 4.2, ili ndi malo okwanira 1FZ-FE ya malita 4.5 ngakhalenso 1UZ-FE, V8 ya malita 4.0 imene inayamba kutuluka mu Lexus LS400 mu 1989, yomwe amisiri a ku South Africa amaiika m'magalimoto amitundumitundu.

Injini zotsika mtengo kwambiri pamsika, monga 4A-FE, 7A-FE ndi 3S-FE, zambiri zimachokera m'magalimoto okoka ndi mawilo akutsogolo, mmene zinkakhala chopingasa. Mukaitembenuza injini yotero, disitiributa imapezeka ikugunda khoma lolekanitsa injini ndi okwera, pakamwa polowera mpweya pamayang'ana kumbuyo, ndipo mapaipi a madzi amatulukira mbali yolakwika. N'zotheka kuzikonza, ndipo tinachitapo pa Nissan 1400, koma ndalama imene munapulumutsa pogula imathera pa kudula ndi kuwotcherera.

Musanalipire, yezani ndi tepi utali, mulifupi ndi msinkhu, ndipo muone mbali imene sampu, beseni la oilo la pansi pa injini, yatsikira. Sampu yolakwika imagunda difu yakutsogolo kapena ndodo za chiwongolero galimoto ikagwera m'dzenje. Eni Peugeot 504 akumbukire kuti injini yawo inagona chammbali ndi madigiri 45, n'chifukwa chake boneti lake ndi lotsika, ndipo injini yoimirira sikwanamo bwino. Kwa iwo njira yapafupi ndi injini ya injekishoni ya Peugeot 505.

Ndigule injini yokha kapena hafukati?

Gulani hafukati, kutanthauza theka lakutsogolo la galimoto lodulidwa ndi zonse zake. Injini yokha, imene ogulitsa ena amaidula mawaya ndi chikwanje pofuna kuitsitsa msanga, imaoneka yotchipa kufikira tsiku limene mudzayambe kusakasaka kompyuta yake, mtolo wa mawaya, bokosi la mafyuzi, sensa ya mpweya, sitata ndi alitaneta, chilichonse pachokha. Kompyuta ziwiri zimatha kufanana maonekedwe ndi mapulagi koma imodzi n'kukhala ya giyabokosi yosintha yokha, ina ya giya wamanja, kapena ya chaka china chimene masensa ake ndi osiyana. Mu hafukati zonsezo zinagwirapo ntchito limodzi, ndipo mumatha kuiliza injini musanaigule.

Zambiri zimene zimafika kuno ndi za ku Japan, zodzera pa doko la Beira kapena ku Johannesburg, ndipo anthu a ku Angónia ena amakagula ku Lilongwe n'kulowa nazo pa malire a Calómuè. Kulikonse kumene mwagula, yezani kompulesheni ya silinda iliyonse, ndipo kusiyana kwake kusapitirire gawo limodzi mwa magawo khumi. Tsegulani chivindikiro cha oilo: mukaona phala lakuda kapena thovu looneka ngati tiyi wamkaka, isiyeni. Injini ikakhala ya lamba wa taimingi, monga 1UZ-FE ndi 4A-FE, sinthani lambayo, pampu ya madzi ndi masilo injini ikadali pansi. Za mapepala oyenera kutenga kwa wogulitsa onani funso la livrete, buku la galimoto.

Injini ikuzungulira koma sikulira, ndipo akuti ndi immobiliser. N'chiyani chimenechi?

Ndi loko wa pakompyuta woletsa akuba. M'mutu mwa kiyi muli kachipangizo kokhala ndi nambala yachinsinsi, ndipo koilo yozungulira pobayira kiyi imawerenga nambalayo. Ikapanda kugwirizana ndi imene kompyuta ikuidziwa, petulo kapena moto wa mapulagi umadulidwa. Injini zambiri zopangidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndi pambuyo pake zili ndi loko ameneyu, choncho pogula hafukati muumirire kuti akupatseni kiyi, koilo ndi kabokosi kake. Zikasowa, mwatsala ndi njira ziwiri: kupeza katswiri wochotsa lokoyo mu kompyuta, kapena kugula kompyuta yapadera, imene taifotokoza m'munsimu.

Kodi thanki ndi mapaipi akale a petulo angagwirebe ntchito?

Apa ndi pamene ntchito zambiri zimalephera, ndipo tikupemphani muwerenge mofatsa. Kabureta imalandira petulo pa mphamvu yochepa, pakati pa 0.2 ndi 0.4 bar, pomwe mainjekita amafuna pafupifupi 3 bar, komwe ndi kuwirikiza kakhumi. Paipi yakale ya labala imaphulika kapena kuvuka pa mphamvu yotero, ndipo petulo amapopera ngati mankhwala a m'munda pafupi ndi ekizozi yotentha. Paipi yoyenera imalembedwa SAE J30R9 pakhungu pake, ndipo yokhala m'kati mwa thanki, yomira m'petulo, ikhale J30R10. Zomangira zake zikhale zozungulira mosalala, osati zamano zija zimene zimatafuna labala, ndipo waya wopota ndi pulayala ayi ndithu.

Injini zambiri za m'zaka za m'ma 1990 zimabweza petulo wotsala ku thanki, motero pamafunika paipi yachiwiri imene galimoto yakale ilibe. Thanki yakale ilibenso kachipinda kosunga petulo pamene pampu imayamwira. Kabureta ili ndi kambale kake kosungiramo petulo, n'chifukwa chake simva kanthu mafuta akakhuthukira mbali imodzi pokhota kapena pachitunda, koma pampu ya injekishoni ikangoyamwa mpweya injini imadukiza nthawi yomweyo, ndipo pampuyo, imene imazizira ndi petulo yemweyo, imapsa. Mankhwala ake ndi kuika mu thanki pampu yokhala ndi kachitini kake yochokera m'galimoto ya injekishoni, kapena kupanga kathanki kakang'ono ka lita imodzi kapena awiri komwe pampu yofooka imakadzaza ndipo yamphamvu imatungamo.

Thanki itsitsidwe, itsukidwe, ndipo ikakhala ndi dzimbiri lochuluka isinthidwe. Sefa zikhale ziwiri: yokhakhala, ya mamaikuloni 100, pampu isanafike, ndi yosalala, ya mamaikuloni 10, ya chitsulo, pampu itadutsa. Pampu ilumikizidwe kudzera pa relay, swichi yoyatsidwa ndi magetsi, yolamulidwa ndi kompyuta, kuti injini ikazima pangozi nayonso izime. Thanki ya petulo siwotchereredwa ndi munthu wongophunzira, ngakhale itaoneka youma.

Nanga petulo wa m'mabotolo wa m'mbali mwa msewu?

Tikudziwa kuti kumadera akutali ndi bomba munthu sachitira mwina, koma injekita ili ndi timabowo tochepa kuposa nsonga ya singano, ndipo zimene kabureta inkameza popanda kudandaula iyo imatsamwa nazo. Chaka china tinaika 3RZ-FE mu Hilux ya bambo wina wolima mbatata ya kachewere ku Tsangano. Patangotha milungu itatu anabwera atakokedwa ndi thirakitala, nkhope ili gwa.

"Amisiri, injini mwandiikirayi ndi yakufa kale. Ndibwezereni yanga yakale ija."

"Pepani bambo, tiione kaye. Kodi mafuta omaliza munathira kuti?"

Anati anagula malita khumi a m'zigubu pamsika wa kumudzi. Titavula sefa n'kuikhuthulira m'botolo loyera, pansi panakhazikika madzi okwana zala ziwiri, pamwamba pake matope ofiira, ndipo petulo yemweyo ankanunkha parafini. Sefa inali itagwira zambiri, koma pampu inali itapita. Kuchokera tsiku limenelo amayenda ndi fanulo yokhala ndi sefa ndiponso chigubu chawochawo chodzaza pa bomba. Parafini ndi woipa mwanjira inanso: amatsitsa okiteni, mphamvu ya petulo yopirira kufinyidwa osaphulika msanga, ndipo injini zatsopano, zomwe kompulesheni yake ndi yokwera, zimagogoda naye mpaka kuwononga mapisitoni.

Kodi mawaya a galimoto yonse ayenera kusinthidwa?

Osati onse. Mawaya a nyali, hutala ndi mawaipa akhoza kutsala ngati khungu lake silinaume. Mtolo wa mawaya a injini ukhale paokha, ndi mafyuzi ndi ma relay akeake, ndipo ukumane ndi galimoto yakale pa mfundo zochepa: moto wokhazikika wa batire, moto wa kiyi, waya wa sitata, wa pampu, wa fani, ndi wa nyali ndi mageji a padashibodi. Cholakwa chimene timachiona kawirikawiri n'kutenga moto wa kompyuta pa waya amene amazima pamene sitata ikuzungulira, moti injini imafuna kulira pokhapokha mukasiya kiyi.

Waya wa nthaka, amene ambiri amati ethi, ndi wofunika ngati wa moto. Masensa amagwira ntchito ndi mavoti 5, ndipo dzimbiri pang'ono pa bawuti ya ethi limanamiza kompyuta. Palani chitsulo mpaka chiwale, ndipo mulumikize batire, injini ndi thupi la galimoto ndi mawaya onenepa. Mfundo za mawaya zifinyidwe ndi chida chake n'kuvekedwa kapaipi kofota ndi moto, chifukwa zopota ndi manja n'kukulunga tepi zimamasuka ndi mabampu a misewu yathu. Dainamo yakale yotulutsa maampeya 20 kapena 30 siingakwanitse pampu, fani ndi kompyuta, choncho gwiritsani ntchito alitaneta imene yabwera ndi injini. Land Rover zina zakale kwambiri zinalumikiza mbali ya pulasi ya batire ku thupi la galimoto, ndipo zotero ziyenera kutembenuzidwa kaye.

Kompyuta ikhale m'kati mokhala anthu, pamalo okwera, mapulagi ake atayang'ana pansi, kuti madzi a pazithaphwi za m'dzinja asaipeze. Zizolowezi ziwiri zakale muzisiye: kuvula waya wa batire injini ikulira pofuna kuona ngati alitaneta ikutchaja, ndi kuwotcherera pa galimoto kompyuta ili yolumikiza. Zonse ziwiri zimaipsereza.

Ndigwiritse ntchito kompyuta ya injini yomweyo kapena yogula padera?

Ngati injini simunaisinthe kanthu ndipo kompyuta yake ilipo, gwiritsani ntchito yomweyo. Opanga anaitchuna kale pa kuzizira, kutentha ndi kukwera kwa malo, ndipo makina oyezera a amisiri wamba amatha kulankhula nayo. Makompyuta apadera, monga Spitronics, Dicktator ndi Gotech a ku South Africa, amathandiza pamene yeniyeni yasowa kapena yatsekedwa ndi immobiliser, ndipo mawaya ake ndi ochepa. Vuto lake n'lakuti amafuna munthu wodziwa kuwatchuna ndi laputopu, ndipo yotchunidwa mwachisawawa imamwa mafuta kuposa kabureta imene munaichotsa. Musanagule, dziwani kaye amene adzaitchune ndi kumene amakhala.

Kodi giyabokosi yakale ingatsale?

Ingatsale ngati ikugwirizana ndi injini ndiponso ngati ingapirire mphamvu yake. Injini ndi giyabokosi zikakhala za mabanja osiyana pamafunika chitsulo cholumikizira chosemedwa pa makina, chifukwa shafuti ya giyabokosi iyenera kulunjika pakati penipeni pa fulaiwilo. Chobowola ndi diso chimatha bering'i ndi kilatchi m'miyezi yochepa. Land Rover ya Series III inapangidwira injini ya malita 2.25 ya mahatchi pafupifupi 70, ndipo mahafushafuti ake akumbuyo amathyoka ngakhale ndi injini yakeyo, ndiye kuiwirikizira mphamvu n'kuitana mavuto. Nthawi zambiri n'kwanzeru kutenga injini pamodzi ndi giyabokosi yake n'kudulitsa pulopela shafuti kwa odziwa kuibalansa. Poika, injini itsike pang'ono chakumbuyo, pafupifupi madigiri atatu, ndipo mphuno ya difu ilozane nayo mofanana, apo ayi galimoto idzanjenjemera pa liwiro. Miyendo ya injini ikhale pa labala, isawotchereredwe mwachindunji ku chesisi.

Idzapirira kutentha kwa ku Tete?

Idzapirira ngati rediyeta ndi yolingana ndi injini yatsopano, osati yakale yodzaza laimu. Fani ikhale ndi chophimba chokakamiza mphepo kudutsa mu rediyeta yonse, poti pa mzere wa magalimoto a pa mlatho wa Samora Machel masana palibe mphepo ina yokuthandizani. Injini zatsopano zili ndi mutu wa aluminiyamu umene umapindika ukangotentha kamodzi, ndiponso umadyeka ndi madzi a pachitsime, choncho muzithira madzi osakaniza ndi mankhwala ake.

Amisiri ambiri kuno anazolowera kuchotsa themositati poganiza kuti akuthandiza injini. Pa injekishoni musalole zimenezo. Themositati ya Toyota zambiri imatseguka pa madigiri 82, ndipo ikachotsedwa injini imachedwa kufunda, makamaka ku Angónia, kompyuta n'kumaganiza kuti kukadali m'mamawa n'kumathirabe petulo wambiri ulendo wonse. Sefa ya mpweya nayo ikhale ya m'bokosi lotseka, yokokera mpweya kunja. Zija zooneka ngati chipewa zimene anyamata amazikonda zimayamwa mpweya wotentha wa pansi pa boneti ndipo zimalowetsa fumbi la m'chilimwe ndi la malasha la ku Moatize.

Kodi ekizozi yakale ingagwire?

Kawirikawiri imakhala yopapatiza, ndipo imafuna kusinthidwa. Chofunika kwambiri n'chakuti sensa ya okosijeni ipatsidwe malo ake pafupi ndi injini, ndiponso pasakhale pobooka paliponse utsi usanaifike, chifukwa mpweya wolowera pobookapo umaipusitsa kuti petulo wachepa.

Mabuleki nawonso asinthidwe?

Inde, ngati mphamvu yawonjezeka. Magalimoto ambiri akale ali ndi mabuleki a ng'oma mawilo onse, ena a paipi imodzi yokha, moti ikaphulika mawilo onse anayi amasiya kugwira. Pikapu yodzaza matumba a mbatata yotsika kuchokera ku Angónia kupita kuchigwa imadalira mabuleki kwa makilomita ambiri, ndipo ng'oma zikatentha zimaleka kugwira. Ikani madisiki kutsogolo, masitala silinda ya mapaipi awiri ndi busita, ndipo muonenso masipulingi akutsogolo ngati kulemera kwa injini kwasintha.

Bwanji osangoika ya dizilo?

Kwa galimoto yonyamula katundu ndi funso labwino. Koma dizilo ya makono, monga 2KD-FTV ndi 1KD-FTV zimene anthu amati D-4D, imakankha mafuta pa mphamvu yoposa 1,000 bar, ndipo madzi pang'ono m'mafuta amawononga mainjekita okwera mtengo kwambiri. Zonse zimene tanena za mawaya, immobiliser ndi ukhondo wa mafuta zimaikhudza mowirikiza. Kwa munthu wa kumudzi, dizilo ya pampu wamba, monga 1HZ ya Toyota kapena 300Tdi ya Land Rover, ndi yosavuta kukhala nayo, ngakhale kuti si ya kompyuta. Dizilo imafunanso pampu yakeyake yokokera busita ya mabuleki, ndipo kusintha mtundu wa mafuta kuyenera kulembedwa m'mapepala.

Nanga livrete ndi apolisi?

Livrete imasonyeza nambala ya chesisi, nambala ya injini, kukula kwa injini ndi mtundu wa mafuta, ndipo mukasintha injini zitatu mwa zimenezi zikhoza kusiyana ndi zimene zili pa galimoto. Pitani ku ofesi ya INATRO, bungwe la boma loona za magalimoto, ku Tete ntchito isanayambe, mukafunse zimene akufuna pa kusintha kotere, chifukwa chilolezo chimavuta kuchipempha injini ili kale m'galimoto. Kwa wogulitsa tengani lisiti yolembedwa nambala ya injini, ndipo ngati yachokera kunja sungani mapepala a Alfândega, a kasitomu, osonyeza kuti msonkho unalipidwa. Yerekezani nambala ya papepala ndi yodindidwa pa injini, chilembo ndi chilembo. Injini yofufutidwa nambala musaigule ngakhale atakutsitsirani mtengo chotani. Dziwitsaninso a seguro, ndiye kuti a inshuwalansi. Amene amadutsa malire pa Zóbue, Calómuè kapena Cassacatiza ndiye asazengereze n'komwe, poti kumeneko manambala akasiyana ndi mapepala galimoto imatha kugona.

Ntchito yonse imadya ndalama zingati, ndipo imatenga nthawi yaitali bwanji?

Sitilemba mitengo pano chifukwa imayenda ndi metikali, randi ndi dola. Chimene tinganene n'chakuti anthu amasunga ndalama ya injini yokha, pomwe pampu, sefa, mapaipi, rediyeta, kilatchi, pulopela shafuti, ekizozi, mabuleki, mapepala ndi malipiro a amisiri zikaphatikizidwa zimatha kuiposa. Kusintha kwa m'banja limodzi, zipangizo zonse zili pamalo, kumatenga milungu yochepa. Chimene chimachedwetsa ndi kudikira kachipangizo kamodzi kochokera ku Beira kapena ku Johannesburg. Ngati galimotoyo ndi imene imatuta zokolola zanu, musaitsegule nthawi yokolola itayandikira.

Ikandifera kumudzi, kopanda makina oyezera, ndidzatani?

Mantha amenewa ndi omveka, poti kabureta imakonzedwa pansi pa mtengo ndi sikuludilaiva. Komabe injini ya injekishoni ikazima mwadzidzidzi, kompyuta si imene imakhala yolakwa kawirikawiri. Yambani ndi mafyuzi ndi mitu ya batire. Kenaka mverani pa thanki wina akuliza sitata: pampu yamoyo imalira ngati njuchi. Ikakhala chete, sinthanitsani relay yake ndi ina yofanana nayo, monga ya hutala. Pampu ikamalira koma injini ikukana, onani moto wa mapulagi ndi pulagi ya sensa ya kuzungulira kwa injini, imene imamasuka ndi mabampu. Batire likafooka kwambiri kukankha sikuthandiza, chifukwa pampu ndi kompyuta zimafuna magetsi, choncho muziyenda ndi mawaya ojampira.

Pa ntchito iliyonse timaumirira kulumikiza nyali ya Check Engine ndi soketi yoyezera, ndipo inunso muumirire kwa mmisiri wanu. Pa Toyota zambiri za m'zaka za m'ma 1990 makina safunika n'komwe: mukalumikiza timabowo ta TE1 ndi E1 pa soketiyo ndi kawaya n'kutsegula kiyi, nyali imaphethira nambala ya vuto. Kuphethira kawiri, kupuma, n'kuphethiranso kawiri ndi 22, sensa ya kutentha kwa madzi; 12 ndi chizindikiro cha kuzungulira kwa injini; 21 ndi sensa ya okosijeni. M'galimoto musamasowe mafyuzi, relay imodzi, sefa ya petulo, pampu yapadera ngati ulendo ndi wa ku Chifunde kapena Zumbo, ndi pepala limene mmisiri wajambulapo mawaya amene walumikiza, mtundu wa waya uliwonse ndi kumene wapita, litakulungidwa m'pulasitiki pamodzi ndi livrete.